Pemphero Logubuduza pa Dothi

Kamwalako sikaposa chala chaching'ono cha munthu wamkulu. N'kobulungira ngati kachidutswa ka bango, kobowoka pakati kuchokera kumutu mpaka kunsi kuti muzilowa chingwe. Ukakayang'ana wamba umangoona timizere ndi timaenje tosadziwika bwino. Koma akakagubuduza pa dothi lofewa, kamasiya chithunzi: munthu mmodzi wovala mkanjo wofika m'mapazi, ali chiimire, dzanja limodzi wakweza kufika pankhope. Chapamwamba pali kamtanda, pansi pakhala galu. Malo onse otsala, omwe ndi aakulu kuposa a munthuyo, adzaza ndi mizere ya malemba, isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, yoimirira mothinana ngati mapesi a pa mpanda.

Tsiku limene ndinaona koyamba chithunzi cha chidindo choterechi, pa intaneti, ndinkaganiza kuti malembawo akutchula mwini wake, udindo wake ndi kwawo. Si ndiyo ntchito ya chidindo? Cha amfumu pa kalata ya malo, cha kusukulu pa satifiketi, zonsezi zimangonena kuti mwini nkhaniyi ndi uje, wavomereza ndi uje. Nditawerenga kumasulira kwake ndinapeza kuti mizere yonseyo inali pemphero. Munthu akupempha mulungu wake kuti amuyang'ane ndi kumuchitira chifundo. Dzina la wopempherayo panalibe n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo timiyala timeneti sitinandichoke m'mutu.

Eni ake a zidindozi anakhala ku Babylon, dziko lija Baibulo limati Babulo, pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kumwera kwa Iraq wa lero. Koma si Babulo wa Nebukadinezara amene ambiri timamudziwa. Uyu ndi wa kale kwambiri, wa nthawi ya mafumu otchedwa Akassite. Cha m'ma 1595 BC, mfumu Mursili ya Ahiti inatsika kuchokera ku dziko limene lero ndi Turkey, n'kufunkha mzinda wa Babylon, n'kubwerera kwawo. Banja la mafumu la Hammurabi, mfumu yotchuka ya ku Babylon, linathera pomwepo. Fumbi litakhazikika, pa mpando panapezeka anthu amene eni dziko ankawadziwa ngati alendo, asilikali aganyu ndi odziwa kusunga akavalo, a chiyankhulo chosafanana ndi cha wina aliyense m'deralo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Awa sanakamuke. Analamulira mpaka cha m'ma 1155 BC, zaka zoposa 400, ndipo palibe banja lina la mafumu a Babylon limene linakhalitsa chotero. Dzikolo ankalitcha Karduniash. Anamanga mzinda watsopano, Dur-Kurigalzu, pamalo amene lero amati Aqar Quf, kumadzulo kwa Baghdad, ndipo chitsa cha nsanja yake ya njerwa zadothi, zoyalidwa mosinthana ndi mphasa za bango, chikadaima mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amenewa sanatisiyire ngakhale kalata imodzi m'chiyankhulo chawo. Chimene chatsala ndi mayina a anthu, mayina a milungu, mawu okhudza akavalo ndi magaleta, ndi kamndandanda kamene mlembi wina analemba kumasulira mawu ochepa achikassite. Zina zonse analemba m'ziyankhulo za eni dziko.

Chidindo chogubuduza sanachiyambitse ndi iwo. Chinayamba cha m'ma 3500 BC, kuzungulira mizinda ya Uruk ndi Susa, anthu asanayambe kulemba, ndipo chinagwira ntchito zaka pafupifupi 3,000. M'dziko lopanda pepala, mmene kalata, lisiti ndi pangano zinkalembedwa pa phale la dothi, kamwala kogubuduza kanali koyenerera kwambiri, chifukwa kamodzi n'kamodzi kankadzaza mbali yonse ya phalelo. Ankadindanso pa dothi lomata pakamwa pa mtsuko. Pa chitseko cha nkhokwe ankakulunga chingwe pa chikhomo, n'kumata dothi pamfundopo, n'kugubuduzapo chidindo, kotero kuti wotsegula aliyense ankayenera kuswa dzina la mwini. Mu Chiakadi, chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha ku Babylon, chidindo ankati kunukku, ndipo mawu omwewo ankatanthauzanso timafupa ta pakhosi ndi pamsana. Anthu ankachivala ngati mkanda, pakhosi kapena pamkono. Ambiri ankaikidwa nacho m'manda.

Ndinafuna kumva m'manja mwanga mmene ntchitoyi inkakhalira. Ndinadula kachidutswa ka kandulo, ndinatenga singano ndi dothi la mtapo limene amayi ena oumba mbiya anandigawira. Ndinayamba ndi mtanda, chifukwa ndi wosavuta. Utatuluka bwino ndinayesa kulemba mawu amodzi. Apa m'pamene ndinaphunzira zimene kuwerenga sikunandiphunzitse. Chilichonse uyenera kuchijambula chobwerera m'mbuyo, ngati mmene chimaonekera pa kalilole, kuti pa dothi chituluke cholunjika. Chimene ukufuna kuti chitukuke uyenera kuchikumba mozama. Ndipo pamene ukukumba, suona chithunzi chonse, chifukwa theka lake lili kuseri kwa kamwalako. Umagwira ntchito ndi chithunzi chimene chili m'mutu mwako chokha. Ine ndinali pa phula lofewa. Amisiri aja anali pa agate, chalcedony, carnelian ndi jasper, miyala yolimba imene mpeni wa mkuwa sungailowe. Ankaipala pang'onopang'ono ndi chobowolera chozungulitsa ndi uta, ndi tizitsulo topalira, akuthira mchenga wosalala kuti ndiwo uzidya mwalawo. Chilembo chimodzi cha ku Babylon chimakhala ndi timizere tonga misomali, tina tisanu, tina khumi, ndipo pa kamwala kamodzi pankakhala zilembo makumi angapo. Cholakwika sichinkafufutika.

Ntchito yonseyo munthu ankailipira kuti alembepo chiyani? Apa ndi pamene Akassite anasiyana ndi amene anawatsogolera. M'nthawi ya Hammurabi zidindo zambiri zinali za hematite, mwala wakuda wonyezimira, ndipo malemba ake nthawi zambiri ankakhala mizere itatu yokha: uje, mwana wa uje, mtumiki wa mulungu wakuti. Malo ambiri ankapita ku chithunzi. Ndipo chithunzi chimene chinakhazikika kwa zaka mazana ambiri chinali cha munthu wobwera pamaso pa mulungu kapena mfumu ali ndi womuperekeza, mulungu wamkazi wamng'ono amene ankamugwira dzanja kapena kuima pambuyo pake atakweza manja momupembedzera. Munthu sankafika yekha kwa wamkulu. Ife izi sitizidabwa, popeza ngakhale kwa mfumu ya m'mudzi umalowera kwa nduna.

Pa zidindo za Akassite za m'zaka za m'ma 1300 BC, zimene akatswiri amaziika m'gulu loyamba, womuperekeza uja nthawi zambiri wasowa. Timiyala tatalika ndi kuwonda, anthu ojambulidwapo nawonso atalika ngati mitengo ya bulugamu. Pena pali mulungu atakhala pa mpando, atavala chisoti cha nyanga, munthu ataima kapena kugwada patsogolo pake. Koma pena pali munthu yekhayekha, wakweza dzanja, ndipo kumene akuyang'anako kulibe mulungu aliyense wojambulidwa. Kuli malemba. Ukagubuduza chidindocho kawiri, munthuyo amaoneka ngati waima pakati pa makoma awiri a mawu ake omwe. Chithunzi chimenechi chimandigwira mtima kuposa zonse. Mmisiri akanatha kujambula mulunguyo, luso anali nalo. Koma iye ndi mwini chidindo anasankha kuti pamalo pa nkhope ya mulungu pakhale zimene munthu akunena kwa mulunguyo.

Mapempherowa amayamba ndi kutamanda. Marduk, mulungu wa mzinda wa Babylon, ndiye amatchulidwa kawirikawiri, monga mbuye wamkulu ndi wachifundo. Amatchulidwanso Shamash wa dzuwa ndi chilungamo, Sin wa mwezi, Adad wa mvula ndi ziphaliwali, Ninurta, Nergal, ndi Gula wochiritsa. Kenako pamabwera pempho, ndipo zopemphazo n'zimene munthu aliyense angazizindikire: moyo wautali, thanzi, dzina labwino, chuma chokwanira, mzimu womuteteza, kulandiridwa bwino akalowa ku nyumba ya mfumu. Pempho lomalizali limatiuza kuti eni zidindo ambiri anali ogwira ntchito za boma ndi za kachisi, anthu amene tsogolo lawo linkadalira nkhope imene wamkulu wadzuka nayo. Pali mawu ena amene amabwera pa zidindo zingapo, opempherera wovala chidindocho kuti akhazikike, akhalenso watsopano, awale, ndipo akalambe. Kukalamba ankakupempha ngati mphatso. Zidindo zina zimatchula mwini wake, bambo ake ndi mfumu imene ankaitumikira. Zina zimangoti mtumiki wokuopani, basi. Ndipo pa mapale a ku Nippur, mzinda wakale wa m'dzikolo, zikuoneka kuti munthu ankatha kudinda ndi chidindo cholembedwa dzina la munthu wina, mlembi n'kungolemba pambali kuti wadinda ndi uje. Dzina linkatha kusintha. Pemphero linkakhala lomwelo.

Ambiri mwa mapempherowa ali mu Chisumeri, chiyankhulo chimene panthawiyo chinali chitasiya kuyankhulidwa m'makomo kwa zaka mazana angapo. Chinatsala m'masukulu a alembi ndi m'makachisi, monga mmene Chilatini chinalili pa Misa agogo athu Achikatolika ali achinyamata. Chisumeri cha pa zidindozi nthawi zina n'chokhotakhota, chodzaza ndi zilembo zachilendo zimene alembi ankasonyezera kuphunzira kwawo, kotero kuti mpaka lero akatswiri amalimbana nacho. N'zotheka ndithu kuti eni ake ambiri sankatha kuwerenga zimene anavala pakhosi. Ena amaona ngati zimenezi zikutsitsa mtengo wa pempherolo, kuti linali longodzionetsera. Ine sindikuvomereza. Munthu amene amanyamula mawu opatulika amene sangawawerenge amadziwabe chimene wanyamula. Pempherolo sanalilembere iye mwini kapena mnzake wochita naye malonda. Woti aliwerenge anali wina.

Kuzungulira munthu wopempherayo amisiri ankamwaza tizizindikiro ting'onoting'ono, ndipo timeneti ndi timene timachititsa kuti chidindo cha Akassite uchizindikire msanga. Chomveka bwino kwambiri ndi galu. Galu wokhala tsonga, mchira wopindika, ndi nyama ya Gula, mulungu wamkazi wa mankhwala, amene kachisi wake wamkulu anali mumzinda wa Isin. Sikuti akatswiri angoganiza. Pa miyala ya malire a minda ya nthawi yomweyo, yotchedwa kudurru, Gula amajambulidwa atakhala pa mpando galu wake ali pambali. Ku Isin ofukula zakale anapeza agalu oposa 30 ataikidwa m'manda pa njira yokwerera ku kachisi wake. Ku Nippur, m'kachisi wa nthawi ya Akassite, anapeza tiagalu toumba pamodzi ndi tianthu toumba, kena katagwira pakhosi, kena pamimba, kusonyeza pamene pakupweteka. Kwa ife galu ndi wa pakhomo ndi wa kuuzimba, sitimuganizira pa za kuchira. Koma aliyense amene anaonapo galu akunyambita bala lake mpaka kupola angamvetse mmene ganizolo linayambira. Ndiye munthu amene anaika galu pa chidindo chake ankanena za matenda, kaya amene anadwala kale, kaya amene ankawaopa. Limenelonso linali pempho, lolembedwa popanda chilembo.

Mtanda ndi umene umadzidzimutsa Mkhristu akauona koyamba. Uli ndi mikono inayi yofanana kutalika, nthawi zambiri wozingidwa ndi mzere wina kunja kwake, ndipo unajambulidwa zaka zoposa 1,300 Yesu asanabadwe. Sukhudzana ndi kupachika munthu. Akatswiri ambiri amautenga ngati chizindikiro cha dzuwa, ena amati unkaimira Marduk. Unapitirira Akassite atatha: pa chipilala cha mfumu Shamshi-Adad V ya ku Assyria, ya m'zaka za m'ma 800 BC, mfumuyo yavala mtanda wotere pachifuwa. Ndimaona anthu pa intaneti akugwiritsa ntchito mtanda umenewu pokangana za chipembedzo, ena kuti anyoze Chikhristu, ena kuti apeze ulosi pamene palibe. Onsewo akulanda anthu akale chinthu chawo. Mizere iwiri yopingasana ndi chojambula chimene mitundu yambiri inachipeza payokha, ndipo wa ku Babylon anali ndi tanthauzo lake.

Tina ndi kachizindikiro konga diso kapena njere, duwa, ngala ya barele, chule, mbawala yogona, dzombe ndi ntchentche. Dzombe pa chinthu chopempherera madalitso limadabwitsa, koma mlimi amadziwa kuti chimene umachiopa ndi chimene umachitchula popemphera. Ntchentche nayo ili ndi mbiri yake kumeneko. M'nthano yawo ya chigumula, madzi ataphwa ndipo wopulumuka uja atapereka nsembe, milungu inaunjikana pa nsembeyo ngati ntchentche, ndipo mulungu wamkazi wobereka anthu anakweza mkanda wake wa ntchentche za mwala wa buluu n'kulumbira kuti masiku amenewo sadzawaiwala. Kachilombo kotera pa mitembo kanasanduka chikumbutso cha lonjezo.

Chimene chikusowa pa zidindozi n'chofunikanso kuchiona. Mafumu a Akassite anali ndi milungu yawo, Shuqamuna ndi Shumaliya, oteteza banja lachifumu, ndipo pa miyala ya malire chizindikiro chawo ndi mbalame yotera pa mtengo. Koma m'mapemphero a pa zidindo mayina amenewa sapezeka kawirikawiri. Mayina ndi a milungu ya eni dziko. Ogonjetsa ambiri m'mbiri amabwera ndi mulungu wawo n'kumukhazika pamwamba pa wa ogonjetsedwa. Awa anakonzanso makachisi akale a ku Nippur, Ur, Uruk ndi Isin, ndipo kachisi wamkulu wa mzinda wawo watsopano anamupereka kwa Enlil, mulungu wakale wa Asumeri. Ndikuganiza kuti china chimene anakhalitsira pa mpando ndi chimenechi.

Kapembedzedwe ka munthu payekha kamene kali pa timiyalati kakuonekanso m'zolemba za nthawiyo. Pali ndakatulo yaitali ya munthu wotchedwa Shubshi-meshre-Shakkan, imene nkhani yake imachitika m'masiku a mfumu Nazi-Maruttash. Anali wolemekezeka ku nyumba ya mfumu. Anamuneneza, udindo unamuchoka, abwenzi ndi abale anamutaya, thupi linadwala mpaka manda anakumbidwa, ndipo oombeza analephera kupeza chifukwa. Akudandaula kuti mulungu wake wamusiya ngakhale sanaphonyepo nsembe. Pomaliza Marduk akumuchiritsa. Anthu amaiyerekeza ndi nkhani ya Yobu. Ndikaiganizira ndakatuloyi, munthu woima yekha pa chidindo uja ndimamuona bwino. Akudziwa kuti ntchito ikhoza kutha mawa, kuti thupi likhoza kumupandukira, ndipo palibe womugwira dzanja.

Sikuti zidindo zonse za Akassite n'zodekha chotere. Cha pakati pa zaka za m'ma 1300 BC kunabwera kajambulidwe kena, gulu lachiwiri, kodzaza ndi moyo. Malemba achepa, ndipo ambiri tsopano ali mu Chiakadi. Pali mitengo, mbalame zouluka, ng'ombe zamapiko, anthu a michira ya nsomba. Pakati pamakhala mulungu amene thupi lake kuyambira m'chiuno kutsika ndi phiri, ndipo m'manja mwake kapena m'mapewa mukutuluka mitsinje iwiri yoyenda mokhotakhota. Chithunzi chonga chimenechi chinali pa khoma la kachisi wa mulungu wamkazi Inanna ku Uruk, amene mfumu Karaindash inamanga cha m'ma 1415 BC ndi njerwa zoumba mwaluso: milungu ya mapiri ndi ya madzi itaima mosinthana, iliyonse itagwira kamtsuko kosefukira. Zidutswa za khomalo zili ku Berlin ndi ku Baghdad. Kumwera kwa Iraq mvula siyokwanira kulimira. Munda umadalira ngalande, ngalande imadalira mtsinje, mtsinje umachokera ku mapiri akutali a kumpoto. Mulungu wa phiri wogwira madzi ndi chiphunzitso chonse cha mlimi wa kumeneko, chitapanikizidwa pa kamwala.

Ndipo pali chidindo china chimene ndimachikonda mwapadera, chodziwika kuchokera pa zimene chinadinda pa phale la ku Nippur la m'nthawi ya Nazi-Maruttash. Chikusonyeza ng'ombe ziwiri za malinunda zikukoka pulawo. Munthu mmodzi akuziyendetsa, wina wagwira zogwirira, wachitatu ali pambali ndi thumba, akuthira mbewu mu fanulo yomangiriridwa pa pulawoyo kuti izigwera mumzere momwemo. Ndi chimodzi mwa zithunzi zomveka bwino kwambiri za makina obzalira a nthawi yakale. Pamwamba pa alimiwo pali mtanda uja.

Mwala nawonso unali ndi mawu ake. Phale lina la pambuyo pake, lopezeka ku Assur, mzinda wa ku Assyria, limandandalika zimene zidzachitikire munthu malinga ndi mwala wa chidindo chake, ndipo la lapis lazuli limati mulungu wake adzakondwera naye. Chidindo chinali siginecha, chinalinso chithumwa. Lapis lazuli, mwala wa buluu wa timadontho tonga golide, ankaukumba ku mapiri a Badakhshan ku Afghanistan, ndipo unkadutsa m'manja ambiri usanafike ku Babylon. Mfumu Burna-Buriash II inkautumiza kwa Farao pamodzi ndi akavalo, iyo n'kumapempha golide. M'makalata ake opezeka ku Amarna, ku Egypt, ikudandaula kuti golide amene anatumizidwa atamuika m'ng'anjo anatsala wochepa kwambiri. Golide wina wotere ankathera pa tizisoti totsekera mitu iwiri ya chidindo, tokongoletsedwa ndi timikanda tagolide tosanjidwa m'makona atatu. Tizisoti tambiri tinasungunulidwa kalekale, koma mano ake akuonekabe m'mphepete mwa zodinda pa dothi. Amisiri a pambuyo pake anayamba kungojambula makona atatuwo pa mwala weniweniwo, kuti wosakwanitsa golide akhale ndi chithunzi chake.

Izi zikutikumbutsa kuti pemphero la pa agate linali la opeza bwino. Otsika pang'ono ankagula zidindo zotsanzira za galasi kapena za dothi lowotcha lonyezimira, zimene zapezeka zambiri ku Elam, m'dziko la Iran wa lero, ndi pa chilumba cha Failaka ku Kuwait, ndipo pa zina malembawo ndi mawu ochepa obwerezedwa mosasamala. Wopanda chidindo n'komwe ankadinda chikhadabo chake pa phale, mlembi n'kulemba kuti chikhadabo cha uje m'malo mwa chidindo chake. Ena ankadinda mphonje ya chovala. Agogo anga aakazi ankasaina ndi chala choviika mu inki, ndipo ndimakumbukira mmene ankachipukutira pa chitenje mwakachetechete akamaliza. Ndikaona tizikhadabo timeneto pa mapale, ndimawaona iwo. Anthu a zikhadabo nawonso ankapemphera, kungoti mapemphero awo sanalowe m'mwala.

Timiyalati tinayenda kutali kuposa eni ake. Mu 1963, ku Thebes, ku Greece, anthu ofukula nyumba yachifumu yakale anapeza mulu wa zidindo za lapis lazuli zochokera kum'mawa, zina mwa izo za Akassite. Chimodzi n'cha Kidin-Marduk, mwana wa Sha-ilima-damqa, nduna ya mfumu Burna-Buriash, ndipo pali mulungu uja wotuluka pakati pa mapiri atagwira mitsinje. Katswiri wa zidindo Edith Porada anaona kuti za Akassitezo zikaikidwa pamodzi zimalemera pafupifupi theka la kilogalamu, muyeso umodzi wa ku Babylon wotchedwa mina. Anapereka ganizo lakuti mfumu Tukulti-Ninurta I ya ku Assyria, imene inagonjetsa Babylon cha m'ma 1225 BC, inazifunkha n'kuzitumiza ngati mphatso yoyezedwa pa sikelo. Ngati zinali choncho, mapemphero a anthu anaperekedwa pa kulemera kwa mwala, kupita kwa anthu amene sankatha kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi.

Tukulti-Ninurta yemweyo anatenganso chidindo cha lapis lazuli cha mfumu ya Akassite Shagarakti-Shuriash n'kulembapo dzina lake. Pambuyo pake chinabwerera ku Babylon. Senakeribu, yemwe uja wa m'Baibulo, atagonjetsa mzindawo anachipeza m'chuma chake, n'kulembetsa kuti wachitenganso patapita zaka 600. Chidindocho chinatayika. Tikuchidziwa chifukwa mlembi wina anakopera malemba ake onse pa phale limene lili ku British Museum.

Kufunkha sikunathere kalelo. Mu Epulo 2003, nkhondo itafika mu Baghdad, akuba analowa m'zipinda zapansi za Iraq Museum n'kutenga zidindo zogubuduza pafupifupi 5,000, za nthawi zosiyanasiyana. N'zazing'ono, zimalowa m'thumba la malaya, ndipo ogula alipo. Zambiri sizinabwerere. Zimandipweteka ndikaona chidindo chikutsatsidwa pa intaneti popanda mawu onena kumene chinafukulidwa. Chidindo chopezeka m'manda, pakhosi pa mwini wake, chimatiuza kuti anali mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena mwana, wa m'nyumba yotani. Chikazulidwa usiku n'kuponyedwa pa msika, chimatsala chokongola koma munthu wake watayika kachiwiri.

N'chifukwa chake ndimabwerera ku Nippur, kumene kunapezeka mapale masauzande ambiri a nthawi ya Akassite, ochuluka a iwo osungidwa lero ku Philadelphia ndi ku Istanbul. Si ndakatulo kapena mbiri za nkhondo. Ndi malisiti: barele wotuluka m'nkhokwe, ufa wa antchito, mafuta, nkhosa, zikopa, nsalu. Miyala imene inadinda pamenepo yambiri sinapezeke, chatsala ndi mapazi ake pa dothi. Phale la lisiti ndi laling'ono, chidindo n'chachitali, ndiye chinkangolowa mbali imodzi, ndipo zilembo za mlembi zinkadutsa pamwamba pake. Katswiri wina, Donald Matthews, anachita kusonkhanitsa tizidutswa ta chidindo chimodzi kuchokera pa mapale osiyanasiyana, apa mutu wa munthu, apo mwendo wa galu, apo mizere iwiri ya malemba, kuti ajambule chithunzi chonse.

Ndimamuganizira kapitawo wa nkhokwe ku Nippur m'mawa wina wotentha. Antchito afola, mlembi wakanda dothi, barele wayezedwa. Iye akuvula chingwe pakhosi, akuika kamwala pa phale lonyowa, akukankha ndi chikhatho. Pansi pa chiwerengero cha miyeso ya barele pakutuluka dzanja lokwezedwa ndi theka la mzere wopempha chifundo. Akupukuta kamwalako, akukabwezera pakhosi, akuitana wotsatira.